Ndakana Kuti Rosita Akokoloke

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Mpongozi wanu Anjelina, mkazi wa achimwene a Fernando, wachira bwinobwino mwezi wathawu. Mwanayo ndi wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Pakamwa watengera inuyo, akayamba kulira bairu yonse, dera lathu lino, imadzuka. Munda wanu wa ku Majaua nandolo wachita bwino, koma chimanga ndiye mbozi zinatisautsa. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja. Achimwene akuti akonza mvula ikatha, monga ananenera chaka chatha.

Koma chimene chandikhazika pansi lero ndi mkwiyo, Amayi, ndipo ndilibe wina womuuza.

Mukukumbukira sewero lathu lija la pakanema, Pakhomo pa Lukresiya? Munaonerako magawo oyambirira musanayambe kudwala matenda amene anakutengani aja. Mutandiona ndikusewera Lukresiya, chitenje m'chiuno, chala m'mwamba, munaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti, "Iwe Tereza, wandigulitsa pagulu ndili moyo!" Seweroli linakula. Masiku ano amalionetsa pa wailesi ya kanema ku Kelimane, ndipo m'nyumba zoonetsera mavidiyo pamsika wa Milange pano mpaka kutsidya ku Muloza anthu amachita kukhala pansi mabenchi atadzaza.

Nkhani yake ndi yomwe ija, sitinasinthe. Bernardo, mwamuna wa Lukresiya, wa kabaza uja, amachita chopusa china: wagulitsa tambala wa mkazi wake mobisa, kapena wabwereka jekete la mwini n'kulipsereza. Pamabuka phokoso, ana atatu aja amaikirapo zawo. Pomaliza Lukresiya amaima pakhonde n'kuitana aliyense dzina lake asanadye, ndipo aliyense amayankha kuti, "Ndilipo!" Zimenezo ndinatengera kwa inu. Oonera nawonso anazolowera, amayankhira limodzi, azibambo andevu omwe.

Ndiye chaka chino anatisankha kuti tikapikisane nawo pa mphoto yaikulu ya mafilimu ku Kelimane. Tinavina, Amayi. Kenako Jowakimu, mtsogoleri wa gulu lathu amene amagwiranso kamera, anabwera ndi mnzake wina wa kumzindako wodziwa za mipikisano. Bamboyo anaonera magawo angapo, naseka ndithu, ndinamuona ndi maso angawa akupukuta misozi. Atatha anaongola kolala n'kuti, "Sewero lanu lili ngati bulangete, limafunditsa koma silinena kanthu. Gawo lililonse ndi limodzimodzi. Mphoto zikuluzikulu amapatsa zinthu zopweteka mtima." Anatilangiza tijambule gawo latsopano: Rosita, mwana wamkazi wa Lukresiya, akokoloke ndi mtsinje wa Ruo, mayi ake aitane dzina pakhonde, pakhale zii. Akuti oweruza akalira, basi mphoto ndi yathu.

Asa! Silinena kanthu? Sindikunyoza mafilimu a anzathu, a ukwati wa ana ndi a madzi osefukira. Ina ndi yabwino, ndinalirapo inenso. Koma kuliritsa munthu wa ku Milange ndi ntchito yanji? Ingomufunsa za agogo ake basi. Inu munkati, "Misozi sagula pamsika, aliyense ali nayo kwawo." Ntchito ndi kuseketsa bambo amene wapalasa njinga ya matumba kuchokera ku Mongue tsiku lonse, msana uli gwa, kunyumba kulibe ndiwo. Kumuseketsa sabata ino, sabata yamawa abwerenso, aseke pa nthabwala ya Bernardo yemweyo. Ayesere iwowo aone ngati n'zapafupi. Nanga kubwerezabwereza kunalakwa liti? Atate Wathu timanena yemweyo tsiku ndi tsiku, sindinamvepo wina akuti asinthidwe wakhala wotopetsa.

Ndinanena zonsezi pamsonkhano wa gulu, mwina mokweza kwambiri. Anzanga sanandivomereze. Onse akufuna kukwera shapa, minibasi ya ku Kelimane, akajambulitse atanyamula chikho, ndipo sindingawadzudzule. Jowakimu anati, "Mana Tereza, mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mukakana, tipeza Lukresiya wina." Zinandilasa. Lukresiya ndinamuumba ndine, ndi mawu anu, ndi kayendedwe kanu. Basi ndinavomera.

Tinajambula Lachiwiri masana pa nyumba imene timabwereka ija. Amayi a m'deralo anaunjikana kumpanda monga mwa masiku onse. Mtsikana wosewera Rosita anamuuza akakhale kuseri kwa nyumba, asatulutse mawu. Ndinaima pakhonde, beseni m'manja. Ndinaitana Bernardo, nayankha. Ndinaitana anyamata awiri aja, nayankha. Ndinaitana Rosita.

Zii.

Amayi, zii ameneyo ndimamudziwa. Ndi uja wa kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, pamene munkatiitana mayina madzulo, Fernando, Tereza, pomaliza n'kuti, "Zeka!" Zeka, mwana wanu woyamba, amene tinasiyana naye pa chipwirikiti tikuwoloka Ruo. Munkadikira pang'ono, ife maso ali pa mbale, kenako munkati, "Idyani." Titabwerera kwathu mtendere utabwera, munkamuitanabe. Ndinali kamwana, koma sindinaiwale mmene munkapendekera mutu kumvetsera kumsewu. Ndipo pakati pa amayi a kumpanda aja panali ena amene anali nafe kumsasako. Ndinaona mmodzi atagwira pakamwa.

Ndiye ndiwabweretsere chimenecho m'nyumba ya mavidiyo, anthu atalipira pakhomo kuti aseke? Kuti munthu wa ku Kelimane andiombere m'manja? Toto!

Ndinaika beseni pansi, kamera ikujambulabe, ndinazungulira kuseri. Ndinamupeza Rosita atakhala pamtondo akusewera pafoni. Ndinamugwira pamkono, kumukokera mpaka pamphasa, ndikukalipa kuti, "Iwe, makutu unasiya kuchigayo? Ndikaitana uziyankha!" Mwanayo, posokonezeka, anangoti, "Ndilipo, mama." Kumpanda kunaphulika nthungululu. Bernardo anagwa pampando ndi phwete. Jowakimu anaponya kapusi pansi n'kuzimitsa kamera, mpaka lero sakundiyankhula.

Loweruka gulu likumana kuti ligamule za ine. Mwina andichotsa, sindikubisirani, ndipo ndikaganiza zoona mkazi wina ataima pakhonde paja mtima umandiwawa zedi. Tulo sindikupeza bwino. Achimwene akuti ndikapepese, ndine wouma mutu. Ndawauza kuti mutuwo ndinatengera kwa amene anatibereka tonse.

Kupepesa ndikapepesa chifukwa chowaonongera tsiku ndi batire, zimenezo n'zoona. Koma ndikawauzanso kuti ku Kelimane titumize gawo la tambala lija, mmene lilili, osawonjeza maliro. Ndikunenetsa kuti ndi loyenera mphoto, osati mwachifundo ayi, koma chifukwa ndi ntchito yabwino. Nyumba imene onse amabwerera madzulo, palibe wasowa, kwa ife kuno si nkhani yaing'ono. Oweruzawo akaiona yopepuka, chikho chawo asunge, amwere tiyi.

Ndakusowani, Amayi. Mukanakhalapo mukanapita nane Loweruka, ndipo Jowakimu akanathawira pawindo. Ndipita ndekha, nditavala chitenje chanu chobiriwira. Akandichotsa ndibwerako ndikulira, koma mutu uli m'mwamba. Akandisiya, ndikulonjezani ichi: nthawi yonse imene ine ndidzaime pakhonde paja, mwana aliyense amene ndidzamuitane adzayankha.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tereza