Katsitsi ka Kuseri kwa Khutu

Nevesinje,
14 Okutobala 2003

Okondedwa achimwene a Obrad,

Ndikhulupirira chisanu cha ku Canada sichinakumalizeni. Kuno tadzuka, maula tinathyola kale, denga lija likudonthabe. Koma sindinagwire cholembera chifukwa cha denga ayi. Ndalakwa, achimwene, ndipo ndikusowa poika nkhope.

Mdzukulu wanga Vukašin wakwanitsa chaka. Mukudziwa kuti tsitsi loyamba la mwana wa pakhomo pano limametedwa ndi kum wathu, m'bale wa pangano wochokera kubanja la a Šefik. Agogo awo anameta bambo athu, bambo awo anameta inu ndi ine, ndipo Chisilamu chawo sichinavutepo munthu mpaka nkhondo ija. Tsopano azimayi a kutchalitchi anayamba kundinong'oneza: "Iwe Radojka, Msilamu alowe pakhomo pako ndi sizasi, ana athu ali m'manda?" Zoti Nedžad, mwana yekhayo wa a Šefik, nayenso ali m'manda sanatchule. Ine mantha! Lachisanu ndinam'meta ndekha mwanayo, mpala.

Loweruka a Šefik anatsika basi ya ku Mostar atavala jekete yawo ya paukwati, sizasi ya bambo awo ataikulunga m'kansalu. Palibe anawaitana, anangowerenga okha miyezi. Atamuona mwana anaima chilili.

"Tsitsi lapita kuti, kum mnzanga Radojka?"

"Nsabwe, a kum," ndinanama osaphethira.

"Ee, nsabwe za kuno n'zophunzira. Zimadziwa ndi kalendala yomwe!"

Anaseka, ine ndinathawira kukaphika khofi. Akumwa, anayamba kusimba za zaka zomwe ankamanga nyumba kunja. "Ku Poland akuti kum, ku Ukraine kum, ku Bulgaria kum. Ndinadabwa, mawu a kwathu afika bwanji kuno? Mphunzitsi wina wa ku Kraków, ku Poland komweko, anandiuza kuti ndi akalekale, ochokera m'Chilatini, ndipo amanena kholo linzake la mwana. Osati mlendo, osati mnzako womwa naye khofi. Kholo. Ndiye Nedžad atapita ndinkadzitonthoza kuti ku Nevesinje ndikadali ndi ana."

Achimwene, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Kenako anam'nyamula Vukašin, n'kumam'sisita m'mutu, ndipo kuseri kwa khutu anapeza katsitsi komwe ndinakaphonya pothamanga. "Apa nsabwe zinaiwala," anatero. Ndinaganiza kuti atulutsa sizasi. Anandiyang'ana, kudikira ndinene mawu amodzi okha. Ine maso anali pazenera, poti mai Stana, mmodzi wa azimayi a kutchalitchi aja, anali pampanda akusuzumira. Sindinawapemphe.

"Kum sameta asanapemphedwe," anatero, n'kuika kansalu m'thumba. Anakwera basi ya masana, mkate umene ndinawaphikira osaulawa.

Chonde aimbireni foni, inu munkaweta nawo nkhosa, sangakudulireni. Auzeni kuti kunalibe nsabwe. Auzeni kuti ndikuwapempha abwere Lamulungu anthu akutuluka m'tchalitchi, ndikawachingamira ndekha pa basi, mai Stana aone mpaka maso awawe. Musachedwe, manja awo ayamba kunjenjemera ndipo wolandira sizasi ija kulibenso.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Vukašin akuti moni. Katsitsi kaja kayamba kupotana, mayi ake akuti kakunyansa, koma masizasi onse a m'nyumba muno ndawabisa.

Ndine mlongo wanu wamanyazi,
Radojka