Mzere wa Ndege ya Abambo

Lolemba, 7 Ogasiti

Ndege ndamaliza kusema. Thabwa la malaina, kutalika ngati mkono wanga. Makasitomala a mipando adikire kaye. Ndikutsanzira chithunzi cha abambo chija, ataima pafupi ndi ndege imene inawatengera ku Joni ali mnyamata. Chidwalireni sitiroko salankhula ndi munthu, amangoyang'ana khoma, koma akaona chithunzichi maso amayenda. Ndikufuna ndimvenso mawu awo, basi.

Lachitatu, 9 Ogasiti

Ndapaka mzere wobiriwira m'mbali monga pachithunzi, n'kuwaikira abambo ndegeyo pamiyendo. Aiyang'ana, aikankha ndi dzanja labwinolo. Zandiwawa, ndisaname.

Lachinayi, 10 Ogasiti

Amayi andiseka mpaka kutsokomola. Ati, "Iwe Dyton, jekete ya abambo akoyo inali yakhaki. Taiona apo." Kuyang'ana, yobiriwira. Kani chithunzicho chinalibe mitundu, wojambula wa pa Balaka ndiye ankapaka yekha ndi kaburashi, ndipo aliyense ankamuveka zobiriwira poti utoto umene anali nawo wambiri ndi umenewo. Mzere wa ndege uja anaupakanso yekha. Kalipentala wa pa Manjawira ine, kupusitsidwa ndi munthu woti anamwalira kalekale.

Loweruka, 12 Ogasiti

Ku Kasinje kwa azakhali a Hannah, ali nacho chithunzi china chosapaka utoto. Pamenepo abambo avala sikafu imene azakhaliwo anawalukira, ndipo ikadali m'sutikesi. Yofiira, njenjete zadya mbali imodzi. Pachithunzi sikafu ikuoneka yakuda bii pomwe mzere wa ndege ndi wotuwa. Ndiye kuti mzerewo sunali wofiira. Andibwereka zonse ziwiri, ati ndikataya ndisadzapondenso pakhomo pawo.

Lamulungu, 13 Ogasiti

Pochoka kutchalitchi ndapaka timatabwa, buluu, yelo, olenji. Ndatiyala pambali pa sikafu n'kujambula pafoni zopanda mitundu. Yelo wayera kwambiri, wachoka. Buluu ndi olenji onse akufanana ndi mzere uja. Apa nzeru zandithera. Mkazi wanga Rute ati, "Mukuvutikiranji? Mwini wake ali pakhondepo." Ndikuopa kuti aikankhanso, koma akunena zoona.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Mzere wobiriwira uja ndaufuta ndi sandipepa. Masana ndawatengera abambo ndege, timatabwa tiwiri ndi tizitini ta utoto. Ayang'ana nthawi yaitali. Kenako chala pa buluu.

Nditayamba kupaka kuchokera kumphuno, andigwira mkono.

"M'munsi," atero. Lilime lolemera, koma ndamva bwinobwino. "M'munsi mwa mawindo."

Amayi amapeta nyemba, lichero langoima m'manja. Ndatsitsa burashi pang'ono. Abambo apukusa mutu, andilanda ndi dzanja lamanzere, ayamba kupaka okha. Mzere ukukhotakhota, utoto wadonthera pathalauzi. Ine ndangowagwirira phiko.