Vepu Yachikhumi

Lolemba, 6 Okutobala

Lero ndachita manyazi pamsika. Moisés, wa njinga ya kabaza uja, wabwera pa baraka yanga, kashopu kanga kapamsika, akutsimphina, ntchafu yomanga bandeji. Vepu, ndudu yamagetsi yomwe ndinamugulitsa, yamuphulikira m'thumba la thalauza. Akuti anailumikiza ku batire lam'manja, n'kumapalasa padzuwa kuchokera ku Muloza. Anthu mbwee kudzaonerera. Mawu ake: "Mana Deolinda, ndinagula ndudu kapena bomba?" Ndinasowa poyang'ana.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikugulitsa matchaja ndi makava a foni pamalo pomwepa. Palibe anandilozapo chala. Ndudu zamagetsizi sindinazifune n'komwe. Achimwene anga a Cláudio ndi amene anabwera ndi katoni, pakamwa pali tseketseke, "Orijinale izi mlongo, anyamata akuzilimbirana." Ine chitsiru n'kulandira.

Lachiwiri, 7

Hélia wandionetsa moonera ngati mavepuwa ndi enieni. Mwana wanga yemweyu, zaka 19, foni amaidziwa kuposa mpoto. Pabokosi pali kachigamba kasiliva, umakanda ngati kadi ya mayunitsi, nambala imatuluka, umailemba pa tsamba la kampani. Yoyamba: nambalayi yafufuzidwa kale nthawi zoposa 3,000. Yachiwiri, nambala yomweyo. Yachitatu, yomweyo! Ngakhale dzina lasiyana kalembedwe pabokosi ndi pachinthucho. Feki zokhazokha.

Ndaimbira a Cláudio. Akana kwa mtu wa galu. Akuti Moisés anatchaja molakwika. Inde analakwitsa, chinthu chotchaja sichikhala m'thumba padzuwa la Okutobala. Koma yabwino ikadzaza imasiya yokha kukoka moto. Izi zimangomwa mpaka kutupa. Ndawasambitsa chokweza mpaka mayunitsi kutha. Amati chibale ndi fupa, sichiwola. Changachi chayamba kununkha.

M'katoni munali khumi. Zatsala zitatu. Ya Moisés yapsa. Ndikukumbukira nkhope zisanu za ogula. Ndiye inayo?

Lachinayi, 9

Baraka yotseka masiku awiri. Miyendo ikuwawa. Zitatu ndazipeza m'tauni momwemu. Wina wogwira ntchito yonyamula katundu pamalire anakana kubweza, akuti ndikufuna kukagulitsa kokwera. Ndamuonetsa chithunzi cha ntchafu ya Moisés. Anaiponya pansi ngati yamuluma.

Wina wa ku salon ndinamupeza akutchaja yake ndi tchaja chachikulu cha foni, chija chothamanga, ataigoneka pa mulu wa mawigi. Pa mawigi! Nditaigwira inali yotentha ngati mbatata yochokera paphulusa. Ndinamukalipira, ngakhale wolakwa woyamba ndine.

Zonse ndikuzikwirira mu chidebe cha mchenga kuseri kwa bafa, kutali ndi denga la udzu. Hélia anaima n'kumandiyang'ana ndikukwirira.

Lachisanu, 10

Ndapita ku Mongue. Fumbi mpaka m'mano. Mphunzitsi amene anagula yachinayi ndamupeza, wandipatsa mwaulemu, n'kundifunsa kuti nanga yeniyeni amatchaja bwanji. Ndamuuza zomwe ndaphunzira mochedwa: chingwe chake chomwe, tchaja chaching'ono, pasimenti, maso ali pomwepo. Osati pabedi, osati kuisiya n'kuchoka. Ikatentha kapena kutupa, basi yatha.

Yachisanu inawoloka Ruo. Mwini wake wayankha foni, akuti anaitaya kale m'chimbudzi itayamba kununkha. Mulungu amudalitse.

Zisanu ndi zinayi. Imodzi sikuoneka. Sindinaigulitse, ndikudziwa. Wina anaba pa baraka. Pa chakudya ndanena kuti wakubayo ndikamugwira ndimusenda khungu, ndipo ikamuphulikira kumaso ndi zake, ine sindipita n'kumaliro komwe. Hélia anasiya mbale osamaliza. Akuti mutu.

Loweruka, 11

A Cláudio abwera kunyumba. Ndinayesa adzapepesa. Akufuna zija ndakwirira! Akuti kumidzi kulibe amene amakanda mabokosi. Ndinatenga chikolopa chonyowa. Anathawa, nsapato imodzi yatsala pakhonde. Ikhale pomwepo mpaka mvula ibwere.

Ndakamuona Moisés. Bala likutuluka madzi. Njinga yatsamira khoma, ana atatu akuyang'ana. Mkazi wake sanandipatse mpando. Akulondola.

Mtima sukukhazikika. Kwinakwake m'Milange muno chinthu chija chili pa chingwe. Mwina pamphasa pafupi ndi khanda. Ndikatseka maso ndikuona utsi.

Lamulungu, 12

Ndabwerako ku Misa msanga, kutentha kunandigwetsa mphwayi. Hélia anatsalira ku kwaya. Nditangotsegula chitseko, fungo la mango. Mango a maswiti, osati a mumtengo. Ndi kena kake ngati pulasitiki wopsa.

Kuchipinda kwake. Chingwe choyera chikutsika pakhoma, n'kulowa pansi pa matiresi.

Ndinazula pakhoma, n'kugubuduza matiresi. Vepu ija inali pomwepo, itatupa, ikulira tsiii. Ndinaigwira ndi dzanja, nzeru ya nsalu sinabwere. Kuthamanga mpaka ku chidebe. Nditangoiponya, moto wa buluu. Nkhuku zonse kubalalika.

Ndinakhala pakhonde kumudikira, lamba wa malemu bambo ake ali pamwendo. Maola awiri. Ndinakonza mawu onse. Wakuba. Wabodza. Iwe amene unandiphunzitsa kukanda nambala, ukudziwa bwino kuti ndi feki!

Atafika anaona chidebe, anaona lamba. Sanathawe. Anangoti, "Ndimafuna ndikupatseni Lachisanu, amayi. Ndiye munati musenda khungu." Kenako anati wayesa kusiya kusuta, zikukanika, ndipo poti sakanatchaja poonekera amaibisa pansi pomwepo.

Lamba sindinamukweze. Dzanja linakana, matuza.

Lolemba, 13

Ndikulemba ndi lamanzere, zilembo ngati za mwana wa kalasi yoyamba. Hélia wandipaka mankhwala m'mawa, osakweza maso. Sitinakambirane. Sindikudziwa poyambira.

Mkwiyo ulipobe. Kwa a Cláudio, kwa amene anadinda nambala imodzi pa mabokosi zikwi. Koma sabata yonse ndazungulira boma lonse, Mongue, malire, kufunafuna chinthu chomwe chinali kuseri kwa khoma langa. Pakamwa pangapa ndi pomwe panachikankhira pansi pa matiresi.

Matiresi ndawatulutsa padzuwa. Bowo lakuda, chala chikulowa mpaka kutulukira pamwamba. Ndayeza ndi pilo.

Lili pomwe amaika mutu.