Kalata Yomwe Ndinaichonga

Lolemba, 5 Meyi

Lero ndaphunzitsa a Sitandade 6 za akaidi a ndale. Mlamu wanga, uja wa gulu lolembera akaidi makalata, ndiye wandipatsa chithunzi: namwino wa kudziko lakutali, anamangidwa chifukwa chonena pamsonkhano kuti m'chipatala mulibe mankhwala. Mlandu wake ndi womwewo basi. Ana kukamwa yasa. Wina akuti, "Madamu, ndiye kalata ingatsegule ndende?" Ndati imodzi ayi, koma makalata akafika matumbamatumba, akuluakulu amadziwa kuti munthuyo sanaiwalike. Mawa timulembera namwinoyo.

Lachiwiri, 6 Meyi

Makalata 43. Mlamu anati ndingowaika mu envulopu osawakhudza. Koma manja anga oyabwawa! Zaka 19 ndikuchonga, ndangozindikira cholembera chofiira chili m'manja.

Ya Kachete, kamtsikana ka pawindo kosayankhula kaja, yayamba ndi "Okondedwa Ababa," kenako za nsapato zomuthina ndi mphaka amene waswa ana anayi. Za namwino palibe. Ndalemba: "Wasemphana ndi mutu. 3/10. Bwereza." Ndamubwezera anzake akuona.

Lachitatu, 7 Meyi

Kachete sanabwere.

Lachinayi, 8 Meyi

Sanabwerenso. Ahedi andiitana. "Kani simudziwa? Bambo ake ali m'ndende, mwezi wachisanu ndi chitatu uno." Akuti anatsogolera anzawo kufakitale kunyanyala ntchito, apolisi anawatengera pageti. Pakhomo amangouza mwana kuti ali kuntchito kutali. Mayi ake atumiza uthenga, abwera Lolemba.

Mwana watsegula mtima kamodzi kokha, ine n'kumupatsa 3. Akapanda kubweranso ndidzakhala ndamuthamangitsa ndine.

Loweruka, 10 Meyi

Chakudya sichikulowa. Mlamu m'malo mondilimbitsa mtima akuti: "Inu aphunzitsi mungachonge ndi kalata yachikondi yomwe." Ya achimwene ake, amuna angawa, ndinaichongadi kalelo.

Lolemba, 12 Meyi

Abwera nthawi ya buleki, mwana ali kumbuyo kwawo. Ine ndinali nditakonza kupepesa kwanga kuyambira m'mawa, koma andidula. "Khalani pansi madamu, sindinabwerere ndewu."

Akuti mwana analira masiku awiri osanena chomwe chavuta, mpaka anaipeza kalata m'chikwama. Iwo ankati mwana sakudziwa kanthu, pomwe iye ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, amangowasungira bodza lawo. Lachisanu anakhala pansi n'kukambirana. Loweruka anapita naye kukawaona bambo ake, koyamba.

"Kalatayo bambo ake aiwerenga, aseka mpaka misozi. Akuti muione, koma ibwerere Loweruka, ndi yawo."

Pansi pa zofiira zangazo pali mawu a pensulo: "Aphunzitsi pepani, mutu wake ndi womwewu. 10/10. Azibwereza sabata iliyonse."

Ndapuma mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lachinayi. Ndalira pamaso pa kholo, ine wamkulu msinkhu uno, manyazi sindinamve n'komwe.

Belu litalira Kachete sanapite pawindo paja. Waima pa tebulo langa, mawu ake ndi aakulu ndithu kani.

"Madamu, pepala. Ya namwino ija sindinalembe."

Ndamupatsa awiri. Wayang'ana cholembera chofiira, wandiyang'ana ine. Ndachiponya m'dirowa.