Maluwa a Alamu Asanduka Abuluu

Bambo a mwana,

Mukayatsa kompyuta musakuwe. Sinafe ayi, ndaisokoneza ndine.

Paja kuntchito ndikulemba dalaivala wa sikirini, kapulogalamu kokonza malo mu memole pamene kompyuta imajambulapo chithunzi ikangoyaka. Malowo timawatcha fulemubafa. Laputopu yanga ndinaiiwala ku ofesi, ndiye mmene mumasamba muja ndinayesera pa yanuyi. Chithunzi chikubwera, mundiyamikeko, mwezi wathunthu ndakhala ndikulimbana nacho! Kungoti ndasinthanitsa mitundu: pofiira pakuoneka buluu, pabuluu pakuoneka pofiira.

Tsono chonde, makadi a ukwati wa alamu amene mukukasindikiza lero aja musawagwire. Maluwa a pamakadi aja akuoneka abuluu pasikirini pokha, mufailo akadali ofiira monga anafunira eni ake. Ndimakudziwani inu, muyamba kukonza, ndipo mukatero tisindikiza makadi mazana awiri abuluu enieni. Mchemwali wanuyo sadzatipatsanso moni mpaka adzaone zidzukulu.

Chochita nachi. Izimitseni, muiyatsenso mutadina batani la Shift osasiya. Pakabwera mndandanda musankhe mzere wachiwiri, imeneyo ndi kenelo yakale, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yomwe sindinaigwire. Zikakanika, ingokoperani failoyo pafulashi mmene ililimo, muzipita.

Pepani zedi, basi indisiya. Madzulo ndikonza ndisanavule n'komwe nsapato.

Pa chithunzi chathu cha pasikirini chija inunso mwasanduka abuluu. Mwatchena ndithu, koma musade nkhawa, ine ndinakwatiwa ndi wakuda uja.

Mayi a mwana