Gitala ya Kumanzere

Lolemba, 3 Juni

Chiperoni kuyambira m'mawa. Phiri la Ndirande silikuoneka n'komwe, ngati wina walisamutsa.

Ricky, uja amaika nyimbo m'maukwati, anabwera ku shedi kudzatenga bokosi la malata lomwe ndinamukhomera loikamo mawaya ake. M'khosi atakoleka mahedifoni akuluakulu, ofewa ngati masikono. Ndinamuseka kuti akuoneka ngati woyendetsa ndege. Iye anangondiveka.

Hamala ndinali nayo m'manja. Ndinaiwala kuti ndili nayo.

Nyimbo yake yakalekale, ya pa wailesi tili ana, mawu ake ndimawadziwa onse. Koma sindinkadziwa kuti woimbayo amakoka mpweya asanayambe. Ndinamumva akukoka mpweya! Ngati waima pomwepo pakati pa ndowa ndi mbaula, ndipo ali ndi kachimfine pang'ono. Zaka makumi awiri ndikukhoma malata, sindinaimepo chilili pa ntchito ngati lero.

Lachiwiri, 4 Juni

Tsiku lonse mpweya uja. Ndakhoma chigwiriro cha ndowa chozondoka.

Lachitatu, 5 Juni

Nyenje ya m'khutu lakumanzere yalira kwambiri lero. Siisiya chiyambire chaka chatha.

Pepala la ku chipatala chachikulu likadali pansi pa bokosi la zida, pomwe ndinaliika mu Epulo. Anandiika m'kachipinda, akuti ndikamva kulira ndizikweza dzanja. Pomaliza adokotala anati khutu lakumanzere latsika kwambiri chifukwa cha phokoso la ntchito, silibwerera, ndisamale lomwe latsala. Ndikuona ngati amakokomeza. Mpweya wa munthu ndinaumva dzana, si ine?

Mode sindinamuuze. Mkazi wanga akada nkhawa sadya. Lero wandiitana katatu ali kukhitchini, kenako anatulukira pakhomo: "Bambo a Chisoni, kodi ndinakwatiwa ndi khoma?" Ndinaseka. Iye sanaseke.

Lachinayi, 6 Juni

Ndinayesa mahedifoni a mumsika. Wogulitsa akulumbira kuti ndi orijino, katoni yonyezimira. Besi yokhayokha, ngati mutu wanga auika mu mgolo wina n'kumamenya kunja. Woimba uja sanapume ayi.

Ricky pa foni anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndipite ku Limbe, kwa bambo ena dzina lawo a Majidi, kashopu ka pamwamba kuseri kwa masitolo a nsalu. Akuti ndisapite ndi changu.

Mu minibasi ndimaganiza: kodi m'nyimbo zonse zomwe ndamva moyo wanga wonse muli anthu angati omwe sindinakumane nawo? Wa maseche kumbuyo. Wina woponda phazi pansi. Akhala akundidikirira m'menemo.

Loweruka, 8 Juni

Kwa a Majidi. Munthu wachikulire, kachipewa koyera, amayankhula ngati mawu ndi mazira. Sanandionetse kanthu poyamba. Mafunso basi: ndimamvera kuti, zotani, pa foni kapena pa chiyani. Nditati ndimakhoma zidebe ku Ndirande anandiyang'ana nthawi yaitali.

Anandikhazika pampando, n'kubweretsa mitundu itatu.

Timayiyafoni tolowetsa m'khutu, tating'ono ngati nzama. Mawu oyera, koma oimba onse ali m'kati mwa mutu wanga, opanikizana ngati mu minibasi ya Bangwe. Komanso m'khutu mumayabwa.

Achiwiri otseka. Nditangowavala Limbe yense anazima, mahutala, oitanira, zonse. Ndinatsala ndekha ndi gulu loimba m'chipinda chofunda.

Achitatu anali ndi timabowo kunja kwake, a Majidi akuti otsegula. Amenewa ndiye eee. Makoma anachoka. Ngati ndakhala pa bwalo la mpira m'mawa kulibe munthu, oimba atamwazikana pa udzu, wina uko wina uko, mphepo ikudutsa pakati pawo. Ndinatsinzina. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji.

Kenako anaika nyimbo ina. "Mumvetsere gitala ikamalowa, achimwene. Pamenepo ndi pomwe mumadziwira mahedifoni."

Ndinadikira. Ng'oma, besi, mayi akuimba. Gitala ayi. Kanthu kena kakutali, ngati wailesi ya aneba. Ndinavula n'kunena kuti mbali imodzi ndi yakufa, ndipo ndinanena mokweza, monga munthu wodziwa zinthu.

Sanatsutse. Anawatenga, kuwatembenuza, kundivekanso chakumanzere chili kumanja.

Gitala inali pomwepo. Yowala, yothamanga, zala zikumveka kutsetsereka pa nsambo. Inalipo nthawi yonseyi.

Ndinawavula. A Majidi anali akupukuta galasi la kauntala lomwe linali loyera kale. Ndinatsika masitepe osatsanzika bwino.

Lamulungu, 9 Juni

Ku tchalitchi kwaya inaimba. Ndimangotembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku.

Lolemba, 10 Juni

Sindinagwire ntchito bwino. Hamala iliyonse ndimaimva ngati ikuthyola kanthu kakang'ono m'kati. Ndinaika thonje m'makutu, anzanga a pa shedi n'kumaseka kuti ndakalamba.

Masana nkhungu inatsika mpaka mumsewu, anthu akutulukamo mmodzimmodzi ngati akubadwa. Ndinalakalaka bwalo lija la udzu. Ndinaganizanso zongosiya. Munthu wa khutu limodzi n'kugula za makutu awiri?

Lachitatu, 12 Juni

Ndinabwerera. Ndinapepesa za Loweruka, a Majidi anangokupiza dzanja.

Ndinaloza otsegula aja. Anakana! Wogulitsa kukana kugulitsa. Akuti kwanu ku Ndirande kuli mabala, matchalitchi, zigayo, phokoso lonselo lidzalowa pa timabowoto, inu muzidzakweza voliyumu, ndiye khutu labwinolo lidzatsatira linzake. Tengani otseka, a waya, muzimvera motsitsa. Bwalo lake ndi laling'ono koma ndi lanu.

Anandionetsanso pa foni pomwe ndingasakanize mbali ziwiri kuti zonse zizibwera khutu lililonse. Tinayesa. Gitala inabwera, inde, koma oimba onse anaima pamzere umodzi ngati pa banki. Ndinati ndiziona, masiku ena chonchi, masiku ena chonchija.

Ndisanalipire anagwira katoni ndi dzanja. "Choyamba mutsike ku hadiweya mukagule zotseka makutu za kuntchito, zija za anthu a pa chigayo. Mundionetse. Apo ayi awa sindikupatsani."

Ndinapita. Zachikasu, zonyansa. Ndinabwera nazo, anaseka koyamba, mano awiri kulibe.

Katoni ndaisiya ku shedi. Kunyumba sindinganene za iyo popanda kunena zinazo.

Lachinayi, 13 Juni

Zachikasu tsiku lonse. Hamala ikumveka ngati ikugwa m'madzi. Andipatsa dzina loti Payiloti.

Loweruka, 15 Juni

Mahedifoni ndabwera nawo kunyumba masana. Dzuwa linatuluka pang'ono, ndinakhala pakhonde pa benchi, katoni pamiyendo. Mode anachokera ku msika, anatula dengu, n'kukhala pambali panga. Anayang'ana katoni, anayang'ana ine.

"Ndiye mwaganiza zotseka makutu zenizeni, kuti musandimvenso n'komwe."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndinati mayi a Chisoni, tavalani kaye. Anakana, akuti tsitsi angomanga kumene. Ndinamuveka pang'onopang'ono, n'kuika nyimbo ya kwa a Majidi ija. Nkhope inali yomanga. Kenako maso anayamba kuyendayenda ngati akufuna munthu kuseri kwa nyumba.

Ndinamufunsa kuti kumanzere akumva chiyani.

"Gitala!" anakuwa, osadziwa kuti akukuwa. Mayi a pa mpopi anatembenuka. "Kagitala kokoma, kakuthamanga. Inu simumakamva?"

Ndinati ineyo mbali imeneyo sindimva. Sanamve, mahedifoni. Ndinamuvula n'kubwerezanso. Ndinatulutsa pepala lija la ku chipatala m'thumba la jekete, lothimbirira ndi girisi.

Anawerenga mpaka pansi, n'kubwerera pamwamba pa deti. Epulo. Ndinadikira kuti ayambe. Anangolipinda bwinobwino, n'kuliika m'chilundu cha chitenje chake.

Kenako anadzuka. Ndinati basi, akulowa m'nyumba. Koma anazungulira kutsogolo kwanga, n'kudzakhala mbali inayo ya benchi, kumanja. Anayandikira, mawu otsika kwambiri, ngati a m'tchalitchi:

"Apa mukundimva?"

Ndinati eya.