Zitsekerero khumi za Titus

Highlands,
Livingstone,
Pa 24 Seputembala

Wokondedwa mlongo wanga Titus,

Ndikhulupirira uli bwino ku Solwezi kumeneko pamodzi ndi mlamu wanga Annette ndi ana. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa latikwana, chonsecho Okutobala sanafike n'komwe. Ndalemba kalata chifukwa foni yako imangolira, mwini wake ngati alibe makutu.

Ukudziwa kuti nyumba ya malemu atate yakalamba. Malata ndi omwe aja, siling'i ya kuchipinda kwa amayi inagwa chaka chatha, magetsi nawo amabwera ngati mlendo wapaulendo. Tinagwirizana kuti chaka chino tikonze chinthu chimodzi chokha, poti mphamvu zathu zathera pomwepo.

Sepiso, mwana wanga uja akuphunzira za zomangamanga, anati tisasankhe mwaphokoso. Analemba ntchito zitatu: kuika sola, kugula thanki ya madzi a mvula, kapena kukonza denga, malata apakidwe penti yoyera ndipo pansi pake paikidwe siling'i yotchinga kutentha. Kenako anayala mbale zinayi patebulo. Ina inali ya kutsika mtengo, ina ya kukhalitsa, ina ya magetsi, yomaliza ya kuzizira kwa m'nyumba. Aliyense anapatsidwa zitsekerero za mabotolo khumi kuti aike m'mbale zimene akuziona zofunika. Ntchito iliyonse anali ataipatsa kale malikisi pa mbale iliyonse, chotsala chinali kuchulukitsa malikisiwo ndi zitsekerero za m'mbalemo basi.

Iye ankafuna kuti aliyense akaike payekha kukhitchini. Bamalume ba Mwangelwa anakana, ati iyi ni nyumba ya banja, si mavoti, ndipo wamkulu ndiye ayamba. Ukuwadziwa mmene amakondera mpira wa pa TV. Anaponya zisanu ndi zitatu m'mbale ya magetsi, ziwiri pa kukhalitsa, n'kupinda manja, maso ali pa ife.

Atatero anafunsa za iwe, ati mwana mwamuna alankhule asanalankhule azimayi. Sepiso anali atakutumizira uthenga katatu, iwe zii. Apa ndi pamene ndinalakwa, Titus. Ndinali nditangochoka kuntchito ku loji, miyendo itatupa, ndipo ndinadziwa kuti ndikanena zoona nkhaniyi ikhala mwezi wina. Ndinanama kuti unandiimbira, ndipo zako zonse khumi ndinaziika pa magetsi. Amayi anatsatira, inenso ndinatsatira. Sepiso yekha ndiye anaika pa kuzizira, bamalume n'kumuuza kuti sukulu yamuchotsa ulemu.

Sola inapambana. Amisiri abwera pa 7 mwezi wamawa.

Lachinayi lapitali ndinawapeza amayi atakomoka pakhomo la chipinda chawo, masana dzuwa lili paliwombo. Kuchipatala anati ndi kutentha kuphatikiza BP yawo ija, ndipo asamakhalenso pansi pa malata osatchinga. Tsopano masana amagona pasimenti ya kubafa atafunda chitenje chonyowa. Mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri, kubafa. Chipinda changa anakana, ati sangalande bedi la mwana, komanso nacho n'chotentha chimodzimodzi.

Sepiso wawerengeranso. Akuti zako ndi zanga zikanapita pa kuzizira, denga likanapambana. Ndinayesa kuwauza bamalume, anandiyankha kuti pepala linalankhula kale, ndipo ngakhale Titus amene ali kumigodi, wodziwa za makina, anasankha magetsi. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa, koma awa sanatayike onse.

Ndatopa, mlongo wanga. Ndatopa ndi kukhala pakati, ndipo ndili ndi manyazi. Pempho langa ndi limodzi. Uwaimbire bamalume sabata ino, uwauze kuti sunandiimbire, kuti Lonah ananama. Andinyoze pamaso pa abale onse, ndipirira. Ukatero unene wekha kumene zitsekerero zako zipite, tiikenso aliyense payekha amisiri asanafike. Iwe amakumvera, ine ayi.

Amayi sindinawaululire. Dzulo ndikuwanyowetsera chitenje ndinawafunsa chifukwa chimene sanaikire ngakhale chimodzi pa kuzizira, pomwe wopsa ndi iwowo. Anati zonse khumi anazikonzera mbale imeneyo, ndipo sakanawaopa mlongo wawo ba Mwangelwa. Koma atamva kuti iwe wasankha magetsi, anaganiza kuti mwina ndi mdima umene umakuletsa kubwera kudzawaona.

Akuti sola ikaikidwa ubwera pa Khirisimasi. Ayamba kale kukuchapira nsalu zapabedi.

Undiperekere moni kwa Annette ndi ana onse. Mulungu akusunge pansi pa mgodipo, ndipo chonde yankha foni.

Ndine mlongo wako,
Lonah Sikota